Nkhoswe Yoyandama Pamadzi

Aggie anadikira kuti malume ake amalize kaye kumwa tiyi, chifukwa nkhani imene anabwera nayo inali yotsamwitsa munthu.

Linali Lamulungu masana, atangochokera ku Misa. A Macdonald anali atakhala pampando wawo wa pawindo, m'nyumba mwawo ku Mulhuddart, mumzinda wa Dublin, taye atamasula, nsapato atavula. Iwowa ndi amene anamuitanitsa Aggie kuchoka ku Ntcheu zaka zinayi zapitazo, ndipo sabata sinkatha asanamukumbutse.

"Malume, pali munthu akufuna kudzakuonani Loweruka."

A Macdonald anamwetulira mpaka mano a m'mbali kuonekera. "Ndimadziwa ine! Justina, tabwera udzamve. Dokotala uja walimba mtima tsopano."

Dokotala ankanenayo anali Greenwell, mnyamata wa kwaya amene ankachita PhD mumzinda momwemo. Sukuluyo anali asanamalize, koma a Macdonald anali atamupatsa kale udokotala, pamodzi ndi mwana wa mchemwali wawo.

"Si Greenwell, malume. Dzina lake ndi Timofey."

"Timoteyo? Mwana wa ndani? Wa ku Dedza?"

"Wa ku Russia."

A Justina, akazi awo, anaima pakhomo la kukhitchini, kansalu kopukutira mbale kali m'manja. Aggie sanadikire kufunsidwa, anangokhuthula zonse. Pa doko la Dún Laoghaire panali ngalawa yoyera ya matanga. Munali anthu khumi ndi awiri, theka a ku America, theka a ku Russia, anthu wamba amene anatopa ndi kuona pa TV maiko awo akulozana zala, n'kugwirizana kuti aoloke nyanja limodzi. Mphepo ya mkuntho inawang'ambira thanga lalikulu, inaswanso mlongoti, ndiye anakocheza ku Dublin kuti akonze. Aggie, mwana wa telala, ali ndi makina ake osokera ku Clondalkin. Wina anawapatsa nambala yake, ndipo amene anabweretsa nsalu zong'ambikazo pakhomo pake anali Timofey. Anabweranso tsiku lachiwiri kudzaona ngati zatha. Tsiku lachitatu anabwera opanda chifukwa.

"Liti zimenezi?"

"Miyezi iwiri yapitayo."

"Miyezi iwiri!" A Macdonald anaomba m'manja kamodzi. "Iwe Aggie, mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Munthu woti adiresi yake ndi madzi? Amako ndikawauza kuti chiyani ine?"

"Mukawauze kuti ndapeza mwamuna amene ndikumufuna."

"Ukundiyankha?"

"Mwandifunsa, malume."

Kenako nkhope ya a Macdonald inafewa mwadzidzidzi, ndipo Aggie, amene ankawadziwa bwino, anaopa kufewako kuposa kukalipa kuja.

"Chabwino. Ine mlendo sindimubweza. Koma kwathu mwamuna safunsira yekha ngati akugula mbuzi pamsika. Abwere ndi nkhoswe yake. Akabwera yekha, chitseko changa sichitseguka."

Anatero akutola kapu yawo, mtima uli m'malo. Ankadziwa kuti palibe malume wa ku Russia amene angatsike pa Dublin Airport pofika Loweruka. Iwo amagwira ntchito ya chitetezo pabwalo lomwelo, ndiye ankadziona ngati makiyi a dziko la Ireland ali m'thumba mwawo.

Ali m'basi yobwerera ku Clondalkin, foni ya Aggie inalira. Meseji ya Greenwell. Nkhani zimathamanga bwanji pakati pa Amalawi!

"Ndamva wagwa m'chikondi ndi msodzi. Akanyamuka udzandipeza pompano. Ndine woleza mtima."

Aggie anayankha ndi chala chimodzi. "Si msodzi. Ndipo usandidikire, ungachite dzimbiri."

* * *

Lolemba madzulo, dzuwa likadalipo, anamupeza Timofey padoko akupinda zingwe. Anali mwamuna wamtali, wosalankhulalankhula, ndipo Chingerezi chake chinali cha mabampu ngati msewu wa kumudzi mvula itatha. Anamvetsera zonse mutu uli pansi.

"Ndilibe malume," anatero. "Bambo anamwalira. Atsala mayi okha, okalamba, sangakwere ndege."

"Ndikudziwa. Malume akudziwanso. N'chifukwa chake atero."

"Ndiye atikana."

"Sanatikane. Atchera msampha, ndipo ine sindikodwa." Mawu anali olimba, koma mumtima Aggie anali ndi mantha. Ankamukonda mwamunayu mpaka kumva kuwawa, koma sankafuna ukwati wolowera pawindo. Ankafuna amayi ake adzalulutire masana, anthu akuona.

"Nkhoswe imeneyo ntchito yake n'chiyani?"

Anafunsawo anali a Joel, mkulu wa imvi wa ku America, amene anakhala pambali akusenda lalanje ndi kampeni. Lamulo la m'ngalawamo linali lakuti ulonda amachita awiriawiri, mmodzi wa ku America, mmodzi wa ku Russia, atamangirirana pachingwe chimodzi. Mnzake wa Timofey pachingwepo anali a Joel. Pa unyamata wawo mkuluyu anali msilikali wa pamadzi, ntchito yake kumvetsera sitima za ku Russia zoyenda pansi pa nyanja. Mu imodzi mwa sitimazo munali bambo ake a Timofey.

"Imamulankhulira mwamuna," anatero Aggie. "Imatsimikiza kuti ikumudziwa, ubwino wake ndi kuipa kwake. Banja likadzavuta, ndi imene imaitanidwa."

A Joel anaponya chidutswa cha lalanje m'kamwa. "Ngati ndi zimenezo, ntchitoyi ndinaiyamba kale pakati pa nyanja."

Timofey anawayang'ana, kenako anayang'ana Aggie. "N'zololedwa?"

"Malume anati nkhoswe. Sanatchule dziko."

Anawalangiza zonse. Adzavale jekete. Asadzakhale pansi asanauzidwe. Asadzayang'ane wotchi, ndipo Timofey asadzatsegule pakamwa, amulankhulire a Joel. Chinthu chimodzi chokha anaiwala, kuwaletsa kufufuza mwambo wa Achewa pa foni.

* * *

Loweruka cha m'ma 2 koloko, Aggie anali kukhitchini ndi a Justina, monga mwambo umanenera, khutu lili pachitseko. Pabalaza panali a Macdonald atavala suti ya pa Isitala, ndipo pambali pawo, kalanga ine, Greenwell. Anamuitana ngati womasulira. A Macdonald amalankhula Chingerezi tsiku lonse kuntchito, koma lero anati nkhani ya mbumba yawo siikambidwa m'chilankhulo cha eni.

Belu linalira. Analowa a Joel, jekete yobwereka ikuwalendewera m'mapewa, atanyamula katoni yoboola mbali zonse. Timofey anali pambuyo. Asanapatsidwe n'komwe moni, m'katonimo munamveka phokoso la mapiko, kenako:

"Kokoliriko!"

"Mayo ine!" ananong'ona Aggie atagwira kumutu.

A Joel anali ataonera mavidiyo a zinkhoswe za ku Lilongwe sabata yonse. M'vidiyo iliyonse akuchimuna ankapereka tambala. Ndiye mkuluyo anapita ku famu ina kunja kwa mzinda, n'kupeza tambala wamoyo, wofiira, wonenepa, n'kukwera naye mabasi awiri. Anayala katoniyo pamapazi pa a Macdonald ndi manja awiri, atagwada bondo limodzi, nkhope ikuwala ngati mwana amene wakhoza mayeso.

A Macdonald anaimirira. "Tambala? Tambalatu amaperekedwa pa chinkhoswe, nkhani zonse zitatha! Anthu awa abwera kudzapempha kapena kudzatenga?"

Greenwell anamasulira atathira mchere wake. "Akuti mwawatukwana m'nyumba mwawo."

Nthawi yomweyo tambala anakankha chivindikiro, n'kulumphira pa tebulo, kuchoka apo pamwamba pa TV. A Justina anatuluka kukhitchini misozi ya kuseka ili mbwembwembwe, anamuzembera pang'onopang'ono, n'kumugwira miyendo kamodzi kokha. "Zaka fifitini ndisanagwire nkhuku yamoyo," anatero akubwerera naye, "koma dzanja siliiwala."

Onse atakhala pansi, a Macdonald anapukuta nthenga pa suti yawo. "Afunse. Iwowa ndi ndani wake wa mnyamatayu?"

"Ndine mnzake wa pachingwe," anayankha a Joel.

"Magazi?"

"Ayi. Ine ndine wa ku America."

A Macdonald anaseka mpaka kutsokomola. "Wamva, Greenwell? Wa ku America kudzaimira wa ku Russia! Anthu oti maiko awo samwerana madzi. Mawa akadzayambana pa nkhani za pa TV, mwana wa mchemwali wanga adzadandaula kwa ndani?"

A Joel anayamba kulankhula, mofatsa, kwa nthawi ndithu. Atamaliza, Greenwell anakonza magalasi ake.

"Akuti anadziwana pa boti. Basi."

Apa ndi pamene Aggie analephera kupirira. Anakankha chitseko cha kukhitchini n'kuima pakati pa balaza.

"Wabodza iwe! Masulira zonse, apo ayi khala chete."

"Aggie!" anakalipa a Macdonald. "Mkazi wofunsiridwa amaima pamaso pa ankhoswe? Bwerera!"

"Ndibwerera, malume, koma ndikamaliza kunena zimene wameza uyu."

Ndipo anazinena, ngakhale ankadziwa kuti malume ake amva kale liwu lililonse. Masabata atatu oyamba, a Joel ndi Timofey sankalankhulana kupatula "gwira" ndi "koka". Aliyense ankaona mnzake ngati mdani amene amubwereketsa. Kenako kunabwera mkuntho uja unang'amba thanga. Funde linawakokolola a Joel kuwataya kunja kwa ngalawa, ndipo Timofey anagwira chingwe yekha, osasiya, mpaka anzawo atafika kudzathandiza kukoka.

"Onetsa manja," Aggie anamuuza Timofey.

Timofey anatambasula zikhatho. Pakati pa chilichonse panali chipsera chachikulu, chofiirira, pamene chingwe chinadya mnofu. A Macdonald anayang'ana, kenako anayang'ana kumbali.

"Anenanso kuti munthuyu ndi wouma mutu," anapitiriza Aggie. "Sapepesa msanga. Akakwiya amakhala chete masiku awiri. Akuti sakubisa, chifukwa ndinawauza kuti nkhoswe sibisa. Koma akuti akanakhala ndi mwana wamkazi, akanamupereka kwa iyeyu maso ali gwa."

A Macdonald anakanda chibwano. Zinali zitawafika pamtima, zinkaoneka, koma munthu wamkulu sagonja pamaso pa alendo.

"Nkhani yokoma. Koma nkhoswe ndi magazi. Ndi mwambo, sindinaupange ine."

"Nanga nkhoswe ya ukwati wanu ndi ndani, malume?"

Greenwell anayamba kuyang'ana nsapato zake.

"A Lombe," anayankha a Justina ali pakhomo la kukhitchini, tambala ali m'khwapa.

"Justina!"

"Nanga ndanama? A Lombe a ku Kitwe. Munakumana pabwalo la ndege mukukankha matrole. Tinakwatirana konkuno, m'bale wanu analipo ndani?"

"Magazi anu ndi a Lombe anakumana kuti, malume?" anafunsa Aggie. Sanabwerere m'mbuyo ngakhale phazi limodzi.

"Iwe mwana, ndinakutenga ku Ntcheu ndine!"

"Munanditenga, ndipo ndidzakuthokozani mpaka kufa. Koma simunanditenge kuti mudzandisankhire mwamuna. Ndawabweretsa pakhomo panu masana chifukwa ndimakulemekezani. Mukawabweza, sindithawa nawo, koma Greenwell yemweyu simudzamuonanso akumwa tiyi muno ngati mkamwini. Ndidzakalamba ndi makina anga."

A Macdonald anakhala nthawi yaitali akugogoda chala pa mkono wa mpando. Kenako anatembenukira kwa a Joel, ndipo kwa nthawi yoyamba tsikulo analankhula Chingerezi, womasulira n'kutsala wopanda ntchito.

"Ngalawa yanu inyamuka liti?"

"Lachinayi. Tikafika ku Russia, kenako tibwerera ku America. Miyezi isanu."

"Mvetserani. A Lombe si m'bale wanga, zoona. Koma amakhala ku Clondalkin. Chaka chatha mayi awa atalongedza masutikesi, ndinawaimbira foni a Lombewo, theka la ola anali atafika. Imeneyo ndiye nkhoswe. Mkamwini apite, palibe vuto, amuna akwathu ankapita ku Joni n'kubwerako. Koma nkhoswe yoyandama pamadzi ine ayi. Mukhale muno mu Dublin, tizikuonani kutchalitchi, tikudziweni, mpaka chinkhoswe mu Disembala. Mukatero, ndavomera. Mukakwera ngalawa Lachinayi, nkhaniyi yathera pomwepa."

Anatsamira kumbuyo, akuganiza kuti msampha wachiwiriwu ndiye wagwira.

"Ndikhala," anatero a Joel, osaphethira n'komwe.

"Ayi!"

Anali Timofey, liwu lake loyamba chilowereni m'nyumbamo. Nkhope yake inali itayera ngati pepala. A Joel anamugwira bondo, n'kumuuza mawu awiri atatu m'Chirasha chawo chothyokathyoka, ndipo anakhala chete. Kenako mkuluyo anatambasula dzanja. A Macdonald analiyang'ana, anapuma mozama, n'kuligwira.

A Justina analulutira chapansipansi, kuopa maneba.

* * *

Kunja kunkawaza kamvula. A Joel anatsala m'nyumba akumwa tiyi ndi a Macdonald, ndipo Aggie anamukokera Timofey kumpanda wa maluwa, pafupi ndi geti. Chimwemwe chinali chitadzaza m'chifuwa mwake, koma kaliwu kamodzi kaja kankamubaya.

"Wanena kuti ayi. Pamaso pa malume! Ine ndaswa mwambo, ndaima pabalaza ngati wamisala chifukwa cha iwe, iwe n'kumati ayi? Ukundifuna kapena sukundifuna? Nena pompano."

"Ndikukufuna."

"Nanga?"

Timofey anayang'ana zikhatho zake. "Joel akudwala. Khansa. Madokotala anamuuza asananyamuke kuti Khirisimasi mwina sadzaiona."

Aggie anagwira geti. Timofey anapitiriza.

"Akudziwa ndi kapitawo wa ngalawa ndi ine basi. Ulendowu ndi womaliza. Anandiuza kuti akufuna akafike pamanda a bambo anga, akawauze kuti ankawamvetsera pansi pa nyanja zaka zonse zija, ndipo akuthokoza Mulungu kuti sanawapeze. Ndi chokhacho chimene watsala nacho. Lero wachitaya chifukwa cha ife."

"Anakuuza chiyani m'Chirasha muja?"

"Akuti nkhoswe ndi iye, ine ndikhale chete."

Misozi inatsika yokha, Aggie sanaipukute. Anaona zonse bwinobwino. A Joel akatsala, adzafera m'kachipinda ka lendi mumzinda wachilendo, akudikira chinkhoswe chimene mwina sadzachifika. Akakwera ngalawa, malume atseka chitseko. Ndipo malume akadziwa kuti agwirana chanza ndi nkhoswe imene yabisa chinthu chotere, adzati anthu onsewa ndi akathyali.

"Ukwati wanga sudya ulendo wa mkulu uja," anatero. "Lachinayi akwera ngalawa. Ndipo iwenso sindikusiya."

"Zitheka bwanji zonse ziwiri?"

"Sindikudziwa. Koma zitheka."

Kuseri kwa mpandawo wina anatsokomola. Anatulukira Greenwell, ambulera ili m'manja, chikwama chili paphewa. Anali atatsanzika m'nyumba muja kalekale, koma zikuoneka kuti sanapite patali.

"Pepani, basi yachedwa," anatero m'Chichewa, akumwetulira. "Ndamva zonse, Aggie. Nkhoswe sibisa, si choncho unanena? Ndiye uwauza wekha malume ako, kapena ndikuthandize kumasulira?"

Aggie anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Kumasulira kwako takuona. Choka panjira, ndiwauza ndekha."

Anamudutsa mwamphamvu mpaka ambulera kugwa, anayenda kanjira konyowako, n'kukankha chitseko mawu ali kale pamlomo. Pabalaza anapeza a Macdonald ataimirira, foni ataikweza m'mwamba, akuseka, dzanja lina lili paphewa la a Joel. Pagalasi la foniyo panali nkhope ya amayi ake ku Ntcheu, duku litapendekeka, azimayi a m'mudzi atawaunjirira kumbuyo, nthungululu zikumveka mpaka kukhitchini.

"Aggie, wabwera bwino!" anatero a Macdonald. "Amako awa. Ndawauza kale zonse, mudzi wonse wamva. Tabwera kuno uwamasulire, ankhoswe akulonjeza kuti mu Disembala adzavina nawo."